NJIRA ZA M'NKHALANGO ZA LUSAKA, KUMENE KUCOKERA MADZI A MZINDA

Munthu wa kumudzi akamva za Lusaka amaganiza za nyumba zosanja za mu Cairo Road, phokoso la mabasi pa Kulima Tower, ndi piringupiringu wa anthu pa msika wa Soweto. Ndi ocepa okha amene adziwa kuti pamphepete pa mzinda umenewu, ca kum'mawa, pali nkhalango ziwiri m'mene munthu angathe kuyenda maora angapo osamva kulira kwa galimoto. Ina ndi Lusaka East Forest Reserve, imene anthu ambiri amangoti Forest 27. Inzake ndi Lusaka National Park, imene ili ca kum'mwera kwa msewu wa Leopards Hill.

Pa Ciweru ndi pa Sondo m'mamawa, anthu ocokera ku Kabulonga, Woodlands, Kabwata ndi Chelstone amasonkhana pamphepete pa nkhalango zimenezi atavala nsapato zolimba, aliyense ndi botolo la madzi m'manja. Amalowa m'njira, namakwera zitunda ndi kutsika makwawa, ndipo pofika masana amatulukira pamalo pomwe anayambira. Kwa munthu amene amayenda makilomita khumi kupita ku cigayo atasenza thumba la cimanga, ulendo wotere ndi wodabwitsa. Kodi wamkulu wanzeru zake angayende bwanji wopanda katundu, wopanda uthenga, osati ku maliro kapena ku ukwati, ndi kubwerera pomwe wacokera?

Yankho lake lili m'moyo wa m'tauni. Kalaliki wa mu ofesi amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo popita kunyumba amakweranso basi. Madokotala amati umenewu ndiwo moyo umene umaitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa nchito thupi lake, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi zosacepera 150 pa mlungu. Mlimi amakwaniritsa zimenezi pa tsiku limodzi ndi khasu lake. Wa m'tauni ayenera kucita kuzifunafuna.

Koma nkhalango zimenezi zili ndi nchito ina yoposa kuongola miyendo ya anthu a m'maofesi. Pansi pa njira zimene iwo amapondazo ndi pamene pamalowa ndi kutuluka madzi amene mzinda wa Lusaka ndi midzi ya ku Chongwe imamwa.

Njira yopitira kumeneko

Wocokera pakati pa mzinda amatsata msewu wa Independence Avenue, napitirira cipilala ca Ufulu ndi nyumba ya Mtsogoleri wa Dziko, mpaka ku Woodlands. Wocokera ku Kabwata amadzera ku Chilenje, kumene kuli nyumba nambala 394 imene Dr Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962 pa nthawi yomenyera ufulu. Onsewa amakakumana mu msewu wa Leopards Hill, umene umapitirira komboni ya Bauleni ndi kulowa m'dera la mafamu. Wa ku Chelstone ndi wa ku Kabulonga angathe kudzera ku Ibex Hill.

Poyenda m'misewu imeneyi munthu amaona ndi maso m'mene mzinda wakulira. Lusaka anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, pamene boma la atsamunda linasamuka ku Livingstone. Pa kalembera wa 1980 anthu a mumzindawu anali ongopitirira 500,000. Pa kalembera wa 2022 anapezeka oposa 2 miliyoni. Malo amene kale anali thengo lodyetserako ng'ombe tsopano ndi mipanda ya njerwa, masitolo akuluakulu ndi nyumba za malata ofiira ndi obiriwira. Motero mitengo ya Forest 27 ikayamba kuonekera patsogolo, munthu amazindikira kuti cimene cili pamaso pake ndi cotsalira cabe ca nkhalango imene inakuta dziko lonseli.

M'kati mwa Forest 27

Lusaka ali pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo cifukwa ca ici m'mawa mwa June ndi July mumazizira kwambiri. Oyenda amayamba ulendo atavala majuzi, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, koma dzuwa likakwera pang'ono majuzi aja amamangidwa m'ciuno.

Mitengo ya m'nkhalangoyi ndi yodziwika kwa aliyense wokulira ku Petauke, Katete kapena Chadiza. Muli miombo, misuku, miula ndi milombwa. Pakati pake pali zulu zazikulu zomera zitsamba pamwamba. Njira imayamba pamalo athyathyathya, pa dothi lofiira losakanizika ndi nsangalabwi, kenaka imapendekera kutsikira ku khwawa. Apa phazi liyenera kusamala, pakuti madzi a dzinja amakumba ngalande m'njira ndi kusiya miyala yoterera. Kunsi kwa khwawa mitengo imasintha. Masamba ake ndi obiriwira caka conse, mthunzi wake ndi wozizira, ndipo nthaka imanunkhira cinyezi ngakhale pamene udzu wa pamtunda wauma gwa. Kucokera apo njira imakwera citunda ca tsidya lina, ndipo woyenda akafika pamwamba, mtima ukugunda, amaona zitunda zotsatana kuloza ku Chongwe.

Nyengo iliyonse ili ndi maonekedwe ake. Mu August ndi September miombo imaphuka masamba atsopano ofiira ngati moto, mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi. Mu October kumatentha kotero kuti nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa, fumbi limafika m'mawondo, ndipo malo otenthedwa ndi moto wolusa amaoneka ngati cipululu. Mu November ndi December masuku amagwa, bowa amatumphuka, ndipo makwawa amene anali ouma amayamba kulankhula. Amene amadziwa mbalame amamva njiwa, pumbwa ndi nkhwali, ndipo woyenda mwakacetecete nthawi zina amadzidzimutsa kalulu kapena gologolo.

Njira imodzi, eni ake ambiri

Njira za m'nkhalangoyi si za munthu mmodzi. Mumadutsa oyenda pansi, othamanga, ndi anyamata okwera njinga za matayala okhuthala zopangidwira kukwera mapiri. Mumadutsanso anthu amene sanabwere kudzasewera: mlonda wocokera ku nchito ya usiku amene akudula njira kupita kwao, amai ofuna bowa ndi masuku m'nyengo yake, ndi magulu a mapemphero amene amafuna malo a phee.

Pamene anthu osiyana cotere agwiritsa nchito kanjira kamodzi, mwambo ndiwo umasunga mtendere. Wa njinga potsika citunda ayenera kuliza belu kapena kupfuula asanafike pa gulaye, ndi kucepetsa liwiro akaona anthu. Wopanda katundu amapatukira wosenza. Wobwera ndi galu amamugwira pa cingwe. Ndipo moni sagula. Bwana wa ku Kabulonga akakumana ndi mai wa ku Bauleni atasenza dengu, mau akuti "Mwauka bwanji, amai?" amacotsa mantha mbali zonse ziwiri. M'misewu ya m'tauni anthu awiriwa akanapitirirana ngati mitengo, wina m'galimoto wina m'fumbi. M'nkhalango onse ali pa miyendo iwiri, ndipo citunda cimawatopetsa mofanana.

Pali zina zimene lamulo limaletsa. Kudula mitengo, kuocha makala, amene a mu Lusaka amati malasha, kukumba mcenga ndi kutaya zinyalala m'nkhalango yotetezedwa ndi mlandu. Komabe woyenda amakumana ndi zitsa zatsopano, maenje a mcenga, ndi milu ya mapepala apulasitiki yotayidwa usiku. Zimenezi zimaonetsa kuti mzinda wa anthu 2 miliyoni ukukankha nkhalango kucokera mbali zonse.

Mtsinje wa Chalimbana

Akasupe a m'makwawa a Forest 27 ndiwo mutu wa mtsinje wa Chalimbana. Mtsinjewu umayenda ca kum'mawa, kudutsa minda ndi midzi ya Asoli m'dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndi kupitirira pafupi ndi sukulu ya aphunzitsi ya Chalimbana, imene inaphunzitsa aphunzitsi ambiri a kum'mawa ndipo tsopano ndi yunivesite. Pambuyo pake umathira mu Chongwe, ndipo Chongwe amathira mu Zambezi. Aliyense wokwera basi kucokera ku Chipata kupita ku Lusaka amaoloka Chongwe pa mlatho wa mu Great East Road.

Mbiri ya nkhalangoyi ndi phunziro. Inaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa m'caka ca 1957. Mu 1983 citetezo cimeneci cinacotsedwa, ndipo nkhwangwa zinalowa. Patapita zaka zowerengeka alimi a kunsi anaona kuti Chalimbana wayamba kuphwa m'cilimwe. Iwo anadandaula ku boma, ndipo mu 1996, pa nthawi ya Mtsogoleri Frederick Chiluba, nkhalangoyi inatetezedwanso. Mitengo inaphukira pa zitsa, monga miombo imacitira ikapatsidwa mpata.

Pakati pa 2017 ndi 2019 zigawo zina zinadulidwanso kuti pamangidwe nyumba. Nkhalango imene inali ya mahekitala oposa 1,700 inatsala ndi ongopitirira 700. Bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust pamodzi ndi akuluakulu a Asoli anakana zimenezi, ndipo nkhani inafika m'makhoti. Mfundo yao inali yosavuta kumva: pamene pali denga la malata ndi bwalo la simenti, mvula siilowa pansi. Imathamanga tsiku limodzi ngati cigumula, ndipo mu September kasupe amakhala wouma. Anthu a m'tauni ya Chongwe akudziwa tanthauzo la zimenezi, pakuti m'zaka za cilala dziwe limene amatungamo madzi a m'mipopi lakhala likuphwa.

Asoli ali ndi mwambo wa Chakwela Makumbi, umene umacitika mvula ili pafupi kuyamba, pamene mfumu imapempha mvula ndi kudalitsa mbeu. Kupempha mvula ndi kwa makolo. Kusunga malo amene mvulayo ikagwa idzalowe pansi ndi nchito ya ana amoyo.

Paki ya pa miyala ya laimu

Ulendo waciwiri uli ku Lusaka National Park, makilomita pafupifupi 15 kucokera pakati pa mzinda. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 2011 ndipo inatsegulidwa kwa anthu mu June 2015. Kukula kwake ndi mahekitala 6,715, ndipo ndi imodzi mwa mapaki aang'ono koposa a m'Zambia. Imayang'aniridwa ndi cigawo ca boma coona za mapaki ndi nyama zakuthengo. Pacipata pamalipiridwa ndalama, ndipo mtengo wa nzika za dziko lino ndi wocepa kusiyana ndi wa alendo akunja.

Paki yonse ndi yozingidwa ndi mpanda wa waya. Nyama zambiri zinacita kubweretsedwa: mbidzi, nyamalikiti, nchefu, nyumbu, nswala, mphalapala ndi njiri. Mulibe mikango, ndipo cimeneci ndico cimalola kuti anthu aziyenda pansi ndi pa njinga m'misewu yake ya fumbi yozungulira, malinga atsate malangizo a oyang'anira nyama. Mu 2022 malo olererako ana a njobvu amasiye, amene kale anali ku Lilayi, anasamutsidwira m'pakiyi, ndipo ana a sukulu a mu Lusaka amapita kukaona tinjobvu tikumwa mkaka wa m'botolo. Mwana wobadwira ku Kabwata, amene mbidzi anangoiona pa cithunzi, amabwerako ali ndi nkhani ya mlungu wathunthu.

Dziko la kuno ndi losiyana ndi la Forest 27. Ndi lathyathyathya, louma, la mitengo yaifupi yophukira pa zitsa za makala a zaka zakale. Paliponse miyala yotuwa yatulukira m'nthaka, ina yosongoka ngati mano, ina yobooka ngati mtondo. Imeneyi ndi miyala ya laimu, yomweyo imene amai amaswa ndi nyundo m'mbali mwa misewu ya Lusaka, ndiponso imene fakitale ya ku Chilanga imapangira simenti. Mwala umenewu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula. Pa zaka zikwi zambiri madzi aboola ming'alu, maenje ndi mapanga pansi pa nthaka. Phanga lodziwika la Leopards Hill, m'mene akatswiri anapeza zida za miyala za anthu akalekale, linapangika m'njira yomweyi.

Woyenda m'pakiyi amaona cinthu cimodzi codabwitsa: ngakhale mvula igwe yamphamvu, mitsinje siioneka. Madzi amalowa m'ming'alu ndi kutsikira m'nkhokwe ya pansi pa nthaka. Nkhokwe imeneyi ndiyo imamwetsa mzinda. Pafupifupi theka la madzi a m'mipopi ya Lusaka, kapena kuposapo, limacokera m'zitsime zakuya zokumba ndi makina, ndipo otsalawo amapopedwa kucokera ku mtsinje wa Kafue pa Iolanda, mtunda wa makilomita pafupifupi 50.

Koma khomo limene limalowetsa madzi abwino limalowetsanso zoipa. Mcenga umasefa madzi, mng'alu wa mwala susefa. Cimbudzi cokumbidwa pa mwala wa laimu cimatumiza zonyansa zake molunjika ku citsime ca mnansi. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene kolera imabvutira m'makomboni monga Kanyama, kumene madzi a pansi ali pafupi ndipo m'dzinja amasefukira m'mabwalo. Mliri unabuka mu October 2017, ndipo unabukanso mu October 2023. Pa ulendo waciwiriwu bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lonse. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Malo opanda nyumba ndi zimbudzi ngati pakiyi ndi amene amalowetsa madzi oyera m'nkhokwe ya mzinda, ndipo mtengo wake sungawerengedwe ndi ndalama za pacipata.

Zigwa zakuya za Kafue

Amene miyendo yao yakhwima ndipo afuna mapiri enieni amapita kum'mwera, kupitirira Chilanga ndi tauni ya Kafue, ndi kutenga msewu wa ku Chirundu. Kumeneko dziko lokwera la Lusaka limathera mwadzidzidzi. Mtsinje wa Kafue, umene umayenda mwaulesi m'madambo a ku Namwala ndi Mazabuka, umalowa pakati pa mapiri ndi kutsika mamita mazana angapo m'cigwa copapatiza ca Kafue Gorge. Mphamvu ya kutsika kumeneku ndiyo imapukusa makina a magetsi. Malo oyamba opangira magetsi anayamba nchito mu 1971, ndipo aciwiri a kunsi, a mamegawati 750, anamalizidwa mu 2023.

Kutsika kuloza ku Zambezi mpweya umatentha, miombo imatha, ndipo m'malo mwake mumabwera milambe, tsanya ndi mitengo ya minga. Pafupi ndi Chirundu pali malo otetezedwa pamene mitengo yakalekale inasanduka miyala, ndipo zidutswa zake zili mbwee pansi ngati nkhuni zowaza. Dziko limeneli ndi lokongola koma silicita cibwana. Munthu sayenera kulowamo wopanda wodziwa njira wa m'midzi ya komweko, ndipo malo a magetsi ali ndi malamulo ao. Cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa Dziko Hakainde Hichilema anacilengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinaonetsa kuti mitsinje ikacepa, nyali za ku Woodlands ndi zigayo za ku Lundazi zimazima pamodzi.

Malangizo kwa wofuna kuyenda

Mlendo wocokera kumudzi amene wabwera kudzaona ana ku Lusaka angathe kupempha kuti amuperekeze kumalo amenewa. Nthawi yabwino ndi kuyambira May mpaka August, ndipo ulendo uyambike dzuwa lisanakwere. Madzi akumwa anyamulidwe okwanira, pakuti a m'makwawa a pafupi ndi mzinda sayenera kumwedwa osawiritsa. Nsapato zikhale zotseka cifukwa ca minga ndi njoka. Kuyenda awiri kapena atatu ndi kwabwino kuposa kuyenda wekha, ndipo a kunyumba adziwe kumene munthu wapita. Njira za m'nkhalango zimafanana, motero pa mphambano ndi bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Fodya ndi macisa zisatulutsidwe m'thumba m'nyengo ya udzu wouma, ndipo botolo kapena pepala limene munthu walowa nalo atuluke nalo.

Mlendo wotereyu sadzaona cacilendo m'mitengo, pakuti ndi yomweyo ya kwao. Cimene adzaona ndi mtengo umene anthu a m'tauni akulipira pofuna kusunga kacigawo kakang'ono ka cinthu cimene midzi yambiri ikali naco. Makolo anali ndi malamulo ao: msitu wa kumanda sudulidwa, pa mutu pa mtsinje salimapo, mtengo wa zipatso sauocha makala. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'mudzi, mogwirizana ndi mfumu yao ndi cigawo ca za nkhalango, kupanga gulu ndi kulembetsa nkhalango yao kuti aziisamala ndi kupindula nayo okha. Ofesi ya za nkhalango ya pa boma lililonse ingathe kufotokoza m'mene gulu lotere limayambidwira.

Anthu a ku Chalimbana anaona mtsinje wao ukuphwa, ndipo panapita zaka 13 kuti nkhalango ya kumutu kwake itetezedwenso. Mudzi umene kasupe wake akali kutuluka mu October uli ndi mwai woyamba kusamala nkhwangwa isanafike.